Thumba la Cuma ndi Nyumba ya Linga: Za Ndalama za Boma la Lundazi

Mbiri imene ana amaphunzira m'sukulu imachula mafumu, nkhondo ndi maulendo a mitundu ya anthu, koma za ndalama sinena kawirikawiri. Komatu mseu uli wonse, ulalo uli wonse ndi cipinda ciri conse cophunziriramo cinakhalapo cifukwa munthu wina analemba mtengo wace m'buku, ndipo munthu winanso anabvomereza. M'dziko la Lundazi, kwa zaka zambiri, wopereka ndalama, wosunga thumba ndi wolamulira za kumanga anali anthu atatu osiyana, okhala kutali wina ndi mnzace.

Msonkho unayamba m'masiku a Kampani, ndiyo British South Africa Company, imene inalamulira North-Eastern Rhodesia kucokera ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata. M'caka ca 1901 nyumba iri yonse inayamba kukhoma masheleni 3 pa caka. Ndalama zimenezi sizinali za kumangira zinthu m'midzi ai. Zinali za kulipira Azungu a boma, amesenjala ndi asilikari, ndiponso zinali ndi nchito yina yosabisika, ndiyo kutulutsa amuna m'midzi kuti akagwire nchito ya malipiro. Ku Lundazi kunalibe msika wogulitsirako cimanga kapena mtedza, cotero mwamuna wofuna ciphaso ca msonkho anayenda pansi masabata angapo kunka ku minda ndi migodi ya Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangete. Ena anakhala machona.

Kampani inatula ulamuliro m'manja mwa boma la Britain m'caka ca 1924. Patapita zaka zisanu, mu 1929, anakhazika malamulo opatsa mafumu mphamvu ya kusunga mtendere, kuweruza milandu m'makhoti ao ndi kuika malamulo ang'onoang'ono a ukhondo ndi ulimi. Maulamuliro amenewa anachedwa Native Authority. Boma la Lundazi linali lalikuru ndithu masiku amenewo, pakuti linayambira ku malire a Nyasaland kufikira ku cigwa ca Luangwa, ndipo munali Acewa, Atumbuka, Angoni ndi Asenga, pansi pa mafumu akuru monga Mwase, Magodi ndi Kambombo. Koma mafumuwo anapatsidwa mpando popanda thumba. Mfumu inakhoza kulamula kuti citsime cikumbidwe, koma inalibe kobiri la kugulira simenti.

Thumba linadza ndi lamulo la 1936, limene linalola Native Authority kukhala ndi mosungira cuma mwace, mochedwa Native Treasury. Munalowa ndalama za faindi ndi za milandu ya m'khoti la mfumu, ndalama za ziphaso za njinga, agaru ndi kusaka nyama, ndiponso limodzi la magawo khumi la msonkho wa anthu a dzikolo, ngakhale wokhomedwa kutali. Mau otsirizawa ngofunika kuwasamala. Mwamuna wa kwa Mphamba wokhoma msonkho wace ku Luanshya anali kuthandizabe thumba la kwao, kotero kuti cuma ca boma la Lundazi cinadalira amuna amene sanali ku Lundazi. Magawo asanu ndi anai otsalawo anapita ku thumba lalikuru la dziko lonse, ku Lusaka, kumene likuru linasamukira mu 1935.

Kayendetsedwe ka thumbalo kanali kotere. Caka cisanayambe, mlembi wa Native Authority, pamodzi ndi mfumu ndi nduna zace, analemba mapepala awiri, lina la ndalama zoyembekezeka kulowa ndi lina la ndalama zofuna kutuluka. Ndiwo masiku ano achedwa bajeti. Bwana D.C. anawerenga mapepalawo, nafafaniza zimene sanazifune, naonjeza zimene anazifuna, nawatumiza kwa mkuru wa cigawo ku Fort Jameson kuti abvomereze. Pambuyo pace ndalama sizinatuluke popanda cilolezo ca Boma, ndipo mabuku anayesedwa nthawi ndi nthawi. Mwambo wa kulemba zolowa ndi zotuluka, kupatsa lisiti ndi kusunga kanthu ka caka ca mawa unali wabwino, ndipo alembi ambiri amene pambuyo pace anayendetsa makhonsolo anaphunzirira pamenepo. Koma pa pepala la zotuluka mizere yoyamba inali ya malipiro: a mfumu, a nduna za m'khoti, a mlembi ndi a akapaso. Malipirowo anadya mbali yaikuru ya thumba, ndipo zotsalira miseu, zitsime ndi masukulu zinali nyenyeswa.

Kodi dziko linali losauka cotero? Iai. Pofika kumapeto a zaka za 1930, Northern Rhodesia linali limodzi la maiko akuru otulutsa mkuwa. Koma makampani a migodi anali ndi malikuru ao ku London, ndipo gawo la msonkho wao linatsala komweko. Olemba mbiri awerenga kuti pakati pa 1930 ndi 1940 boma la Britain linasunga mapaundi 2,400,000 a msonkho wa migodi, pamene linabweza mapaundi 136,000 okha a citukuko. Kampani yakale ija nayonso inalandirabe ndalama pa mkuwa wonse wokumbidwa, kufikira tsiku la ufulu mu 1964. Sir Alan Pim, amene anatumidwa kudzayesa cuma ca dziko, anaonetsa mu 1938 kucepa kwa zimene boma linacitira anthu a m'midzi. Tsono mnyamata wa ku Lundazi analemeretsa dziko kawiri, ndi thukuta lace mu mgodi ndi msonkho wace, koma kwao kunabwerera kacigawo kakang'ono ka msonkhowo.

Pa nkhani ya masukulu mabuku a boma anena zocepa, cifukwa nchito yaikuru sinalembedwemo. Masukulu oyamba a dzikoli anali a mishoni: a Livingstonia, amene analowa kucokera ku Nyasaland nakhazika malo ao ku Chasefu, ndi a Katolika a ku Lumezi. Boma linayamba kusamala za maphunziro a anthu akuda mu 1925, pamene G. C. Latham anaikidwa kuyang'anira nchitoyo, ndipo njira yace inali kuthandiza amishoni ndi ndalama pa aphunzitsi okhoza mayeso ndi masukulu ofikira muyeso woikika. Koma nyumba yeniyeni ya sukulu ya m'mudzi anamanga ndani? Amuna anadula mitengo naumba njerwa, akazi anamweta udzu, natunga madzi, nazira pansi, ndipo mphunzitsi ndi ana ace analambula bwalo. Nchito yonseyi ikadawerengedwa mtengo, kukadaoneka kuti wopereka wamkuru wa maphunziro ku Lundazi sanali boma kapena mishoni, koma mudzi. Miseu ing'onoing'ono yopita kwa mafumu inalimidwa momwemonso, ndi makasu a eni dziko.

Nkhondo yaciwiri itatha zinthu zinayamba kusintha. Nyumba ya malamulo ya Britain inaika padera ndalama za citukuko ca maiko ace ndi lamulo la 1945, mkuwa unakwera mtengo, ndipo mu 1947 Northern Rhodesia linalemba dongosolo la zaka khumi, la mapaundi 13,000,000. M'caka comweco nduna ya maiko olamulidwa ndi Britain, Arthur Creech Jones, inalembera abwanamkubwa onse a mu Africa kuti maulamuliro a m'midzi akonzedwe, akhale okhoza nchito ndi oimira anthu. Cotero m'mabwalo a mafumu munalowa makhansala ophunzira, wina woyang'anira masukulu, wina ulimi, wina miseu, ndipo ena a iwo anali aphunzitsi akale. Native Authority inaloledwa kuika kamsonkho kacekace koonjezera, ndipo kuciyambi kwa zaka za 1950 anakhazikanso mabungwe oyang'anira maphunziro m'boma liri lonse, m'mene amishoni, mafumu ndi boma anakhala pamodzi kugawa ndalama za masukulu.

M'masiku amenewo ndi m'mene Lundazi analandira nyumba imene yamchukitsa kufikira lero. Errol Button, amene anali D.C., anafunika kumanga nyumba yogona alendo, pakuti apaulendo a boma ndi alendo ofuna kuona nyama za ku Luangwa ndi mapiri a Nyika analibe pogona. M'maboma ena nyumba yotere inali ya zipinda zowerengeka ndi khonde, basi. Button anamanga linga la njerwa zoocha, lofanana ndi malinga a mafumu akale a ku Ulaya, lokhala ndi nsanja zozungulira m'ngondya, makoma a mano pamwamba ndi makwerero okhota, moyang'ana madzi a damu. Nchitoyo inayamba kumapeto a zaka za 1940 nitha m'zaka za 1950. Anthu amasimba kuti nzeru ya linga inacokera kwa mwana wace wamkazi, amenenso analicha Rumpelstiltskin, dzina la m'nthano ya ku Germany. Dzinalo linakanika m'kamwa mwa anthu, ndipo nyumbayo yadziwika ndi dzina lakuti Castle Hotel.

Za nyumba imeneyi pali zoyamika. Dothi linali la komweko, njerwa zinaumbidwa komweko, ndipo amisiri amene anayala makoma ozungulirawo anali anthu a dziko lino. Kuyala njerwa mozungulira, khoma ndi kukhala coimirira mosapendeka, si nchito ya mmisiri wamba, ndipo kuima kwace kwa zaka zoposa 70 ndiko umboni wa manja ao, ngakhale dzina lochulidwa m'mabuku a alendo ndi la Button yekha. Koma lingalo lionetsanso poyera kumene kunali mphamvu. Mfumu ndi bwalo lace lonse sakadakhoza kusintha mzere umodzi wa bajeti yao popanda kupempha, pamene munthu mmodzi wa pa Boma anakhoza kusandutsa nyumba ya alendo kukhala linga cifukwa mtima wace unatero. D.C. anali woweruza, wokhometsa msonkho, woyang'anira ndende, miseu ndi zomangamanga, zonse pa munthu mmodzi. Akakhala wacangu ndi wokonda dziko, monga Button amakumbukidwa, zinthu zinamangidwa msanga. Akasamutsidwa, wolowa m'malo mwace anadza ndi zokonda zace, ndipo za mnzace zinaima. Anthu okhoma msonkho analibe njira ya kufunsa cifukwa cace ici camangidwa ndi ico calekedwa. Ndiponso alendo amene lingalo linamangidwira sanali eni dziko.

Ufulu unadza pa 24 October 1964, ndipo lamulo la 1965 linathetsa ma Native Authority, niliika makhonsolo a m'midzi okhala ndi makhansala osankhidwa ndi anthu. Thumba linacoka ku bwalo la mfumu nilipita ku khonsolo ya pa Boma. Ndalama za mkuwa zinayamba kufika kumidzi mocuruka koposa kale, ndipo masukulu ndi zipatala zinamangidwa zambiri. Koma zazikuruzo zinalamulidwa ndi maunduna a ku Lusaka, ndipo khonsolo inatsala ndi misika, miseu ing'onoing'ono, zitsime ndi nyumba za alendo. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, thandizo locokera ku likuru linayamba kucepa ndi kucedwa. Lamulo la 1980 linaphatikiza khonsolo ndi cipani colamula, niliika District Governor, wosankhidwa ndi Pulezidenti, kukhala wapampando, kotero kuti thumba limodzi lomwelo linasenzanso akuruakuru a cipani. Lamulo la 1991 linalekanitsanso ziwirizo.

Zaka zotsatira zinali zoonda. Mu 1996 boma linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo pa mitengo yotsika, ndipo ndalama za lendi zinatha. Mu 2009 linaletsa msonkho umene makhonsolo analandira pa mbeu zotuluka m'maboma ao, cinthu cimene cinapweteka kwambiri maiko a alimi monga Lundazi, kumene cuma ndi cimanga, thonje, fodya ndi mtedza. M'makhonsolo ambiri a m'midzi anchito anakhala miyezi osalandira, ndipo bvuto lija la mu 1936 linaonekanso, lakuti malipiro adya thumba, zomanga ndi zokonza zitsala.

Njira yina ya ndalama inatsegulidwa mu 1995, ndiyo Constituency Development Fund, kapena CDF, yoperekedwa ku dera liri lonse la phungu wa nyumba ya malamulo. Kwa zaka zambiri inali yocepa, koma mu 2022 inakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera limodzi. Dziko lakale la Lundazi linali litagawidwa kale: Asenga ali ndi boma lao ku Chama, ndipo mu 2018 Chasefu ndi Lumezi anakhala maboma paokha, liri lonse ndi khonsolo yace. Ndalama za CDF zicokerabe ku Lusaka, koma zopempha ziyambira m'makomiti a m'mawadi, m'mene anthu a m'midzi achula cimene afuna, kaya cipinda ca sukulu, madesiki, nyumba ya mphunzitsi, kacipatala kapena mjigo; komiti ya dera isankhapo, ndipo khonsolo ndiyo ipatsa omanga nchito ndi kuwalipira. M'caka comweco ca 2022 boma linacotsa fizi m'masukulu ace kufikira ku sekondale, ana anadzaza zipinda, ndipo madesiki ndi makalasi zinakhala pakati pa zinthu zoyamba kupemphedwa m'makomitiwo.