Mawu Amene Anabwera ndi Fodya

Pamene azungu olima fodya, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anayamba kugawira alimi mbewu ya fodya wa chikopa kuchokera ku Mbabzi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920, ndipo boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti liziyang'anira malondawo, midzi ya ku Kasiya, Nsaru ndi Kabudula inalandira, pamodzi ndi misika ndi masikelo, chinenero cha Chingelezi chimene makolo athu sanachiphunzire pabolodi, koma anachimva m'kamwa mwa akapitawo ndi oyendetsa malole. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo mwa mawu onse amene mlendoyo anatisiyira, ochepa ndiwo anakhazikika ngati awiri awa, pick up.

Mngelezi amawatchula ponyamula chinthu pansi, potenga munthu wodikira m'mbali mwa msewu, ngakhalenso pamene wodwala wayamba kupezako bwino, kapena mitengo yayamba kukwera ku okishoni ya ku Kanengo. Koma tanthauzo limene ine limandikhudza mtima ndi lija la kudziwa chinenero ndi khutu lokha, popanda mphunzitsi kapena buku. Pakuti umo ndimo anachitira amuna a kuno amene, atasiya akazi ndi ana m'manja mwa atsibweni, anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, nabwerako ndi chinenero cha Fanakalo ndi Chingelezi cha pantchito, kufikira Kamuzu analetsa ulendowo mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown ndi kupha ana athu ambiri. Anthu otere ophunzira ena anawapeputsa, ati Chingelezi chawo n'chothyoka. Koma ine ndinena kuti amene anatola chinenero m'thukuta, nalankhula nacho pamaso pa bwana kuteteza malipiro ake, ayenera ulemu wosachepa.

Masiku ano mawuwa tinawaveka chovala chathu, ndipo pikapu ndi galimoto ija yapamtunda imene, mabasi atasowa m'misewu ya fumbi, inasenza mabele, feteleza, odwala ndi maliro omwe. Mayi wa ku Nambuma, amene sanapondepo m'kalasi, amaitchula mosadodoma poiyembekeza m'mawa; koma akakwera, nalipira, nakhala pa thumba la chimanga, ukamfunsa adzakuuza kuti wayenda pa matola.