Nyumba za Boma ku America: Alowemo Ndani?

Madzulo ano tiwoloka nyanja kupita ku United States of America, kumene funso limodzi lavutitsa aphungu kwa zaka zoposa 80. Funsolo nali: boma likatulutsa ndalama zothandiza anthu kupeza nyumba za lendi yotsika, kodi zithandize yani? Osaukitsitsa amene alibiretu pogwira, kapena antchito a malipiro ochepa amene angathe kulipirako pang'ono?

Nkhaniyi inayamba m'chaka cha 1937, pamene Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo la nyumba limene phungu Robert Wagner wa ku New York analilimbikira. Lamulolo linati boma lalikulu la ku Washington lidzabweza ngongole zomangira nyumba, koma ndalama zokonzera, zosesera ndi zotenthetsera nyumbazo m'nyengo yachisanu zizichokera ku lendi ya okhalamo. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Popeza nyumba zinayenera kudzisamala zokha ndi lendi, oyang'anira ankasankha mabanja okhala ndi malipiro odalirika, makamaka antchito amene anangosauka chifukwa cha kugwa kwa chuma m'zaka za m'ma 1930. Osaukitsitsa ambiri anatsala kunja.

M'chaka cha 1949, mu ulamuliro wa Pulezidenti Harry Truman, lamulo latsopano linalonjeza nyumba 810,000. Koma eni nyumba za lendi ndi amalonda a malo anaopa kuti boma liwalanda anthu awo. Motero kunakhwimitsidwa lamulo lakuti banja limene malipiro ake akwera lizituluka, ndipo malo oyamba anapatsidwa kwa anthu amene zithando zawo zinagwetsedwa pokonzanso mizinda. Pa nthawi yomweyo antchito ambiri achizungu anagula nyumba zawozawo kunja kwa mizinda ndi ngongole zimene boma linaikira kumbuyo, mwayi umene anthu akuda ambiri anamanidwa. Otsalira m'nyumba za boma anakhala osauka koposa akale aja, lendi yosonkhedwa inachepa, ndipo madenga odontha ndi zikepe zakufa zinasowa wozikonza. Akulu akale anati walira mvula walira matope.

Chitsanzo chodziwika ndicho cha Pruitt-Igoe mu mzinda wa St. Louis, nyumba 33 za nsanjika 11 iliyonse, zimene zinamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1950. Pofuna ndalama zokonzera, oyang'anira ankangokweza lendi, kufikira m'chaka cha 1969 pamene okhala m'nyumba za boma mu mzindawo anakana kulipira kwa miyezi yambiri. Chaka chomwecho phungu Edward Brooke wa ku Massachusetts anapititsa lamulo lakuti banja lisalipire koposa magawo 25 pa magawo 100 a malipiro ake, mlingo umene unakwezedwa kufika 30 m'chaka cha 1981. Amphawi anapumako, koma chithandizo chimene boma linapereka kuti chikwirire dzenje la lendi chinali chopelewera. Pruitt-Igoe anayamba kumugwetsa ndi mabomba m'chaka cha 1972, asanathe ndi zaka 20 zomwe.

Ataona zimenezi, aphungu anayambanso kuyang'ana kwa antchito. Lamulo la msonkho la 1986 linachotserako msonkho makampani oika ndalama zawo m'nyumba za lendi yotsika. Nyumbazo zinaloledwa kulandira mabanja opeza mpaka magawo 60 pa 100 a zimene banja lapakatikati limapeza m'deralo, ndipo lendi yake kawirikawiri imakhala yolemera kwa osaukitsitsa. M'chaka cha 1998, Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo logawa pakati. Linati mwa mabanja 100 alionse olowa kumene m'nyumba za boma, osachepera 40 akhale osaukitsitsa, ndiye kuti opeza zosapitirira magawo 30 pa 100 a malipiro apakatikati aja. Pa makuponi olipirira lendi kwa eni nyumba wamba, osaukitsitsa anasungiridwa 75 mwa 100 alionse.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka. Ena amati ndalama yaboma iyambe yapulumutsa mayi amene mawa agona panja ndi ana ake. Ena amayankha kuti kuunjika amphawi okhaokha pamalo amodzi ndiko kunapha Pruitt-Igoe, ndiponso kuti wophika kusukulu kapena wosesa m'chipatala naye akulephera lendi mu mzinda umene amautumikira.

Tsono chimene mbiriyi ikutiphunzitsa nchakuti mkanganowu umakula chifukwa cha kuchepa kwa chogawa. Ku America chithandizo cha lendi sichiperekedwa kwa aliyense wochiyenera. Mwa mabanja anayi oyenera, pafupifupi limodzi lokha ndilo limachilandira, ndipo ena amadikira pamzere zaka zambiri. Pamene nsima yachepa, kutsogoza mwana mmodzi ndiko kugoneka mnzake ndi njala. Ndiponso dziko lililonse lomangira anthu ake nyumba liyenera kuyankha funso limene lamulo la 1937 linalisiyira okhalamo: denga likayamba kudontha, adzalipira ndani?