DISO LA MFUTI KU LINGA

 Madzulo ano tiloŵera kunyanja, m'dera la Mfumu Yaikulu Malenga Chanzi m'boma la Nkhotakota. Nkhani yathu ndi ya kanthu kakang'ono zedi, kosaposa njere ya mpunga wa faya, kamene kamakhala pamlomo pa mfuti. Kanthu kameneka ndi mnzake wakumbuyo ndiwo amene mlenje kapena msilikali amayang'anirapo pofuna kulozetsa mfuti yake. Ine ndidzakatchula kuti diso la mfuti.

Tsiku lina ndili kujambula nkhani zakale m'mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Kaombe, agogo ena adanditulutsira mpope wa mfuti ya gogodera umene banja lawo lakhala likusunga. Mtengo wake udadyedwa kale ndi chiswe, chitsulo chokha ndicho chidatsala, chofiira ndi dzimbiri. Poti ine ndidaphunzira zauphunzitsi, khalidwe lofunsafunsa silidandichoke. Ndidautembenuza mpopewo uku ndi uku kufuna kuona pamene mwini wake ankayang'anira. Kumlomo kudali katsonga kofumbutuka. Kumbuyo kudalibe kanthu mpang'ono pomwe. Agogowo adaseka nandiuza kuti makolo awo sankasuzumira mfuti ngati munthu wotunga singano: ankayandikira nyama kufikira atamva kupuma kwake, kenaka n'kutembenuza nkhope kuopa moto wa wonga.

Mfuti zotere zidachuluka kuno cha m'ma 1840, pamene Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la kum'maŵa, adafika nadzapempha malo ochitirapo malonda kwa eni dziko, Achewa a Malenga Chanzi. Iyeyu ndiye Jumbe woyamba. Malowo adampatsa monga momwe mlendo amapatsidwira, koma mlendoyo adabwera ndi nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti, ndipo pasanapite zaka zambiri mawu ake adayamba kulemera kuposa a eni nthaka. Mudzi wake wotchingidwa udapatsa malowo dzina lakuti Linga. Kuchokera apa zombo zinkaoloka nyanja zitasenza minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo, ulendo wa ku Kilwa ndi ku Zanzibar. David Livingstone, amene adafika pano mu 1861 nadzabweranso mu 1863, adalemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar adamuuza zoti akapolo 19,000 ochokera m'dziko lozungulira nyanja ino ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya pachilumbapo chaka chilichonse.

Tsono mfutizo zidali zotani? Zambiri zidali zosulidwa ku Birmingham ndi ku Liège dala kuti zikagulitsidwe ku Africa, zina zidali zakale zimene magulu a nkhondo a ku Ulaya adazitaya. M'kati mwa mpope mudali mosalala ngati bango. Wowombera ankathira wonga kumlomo, n'kutsinirapo chiguduli, n'kuponyamo chipolopolo, n'kugogoda ndi kamtengo kachitsulo. N'chifukwa chake dzina lija lakuti gogodera. Chipolopolocho chinkakhala chochepera mpope, mwina chidutswa cha chitsulo chosula yekha, motero potuluka chinkagundagunda m'mbali ndi kukhotera kumene chafuna. Pa mayadi 50 munthu ankatha kulasa chimene walozetsa. Kupitirira mayadi 100 zinkakhala zamwayi basi. Mfuti yotere kuyiika diso labwino kukadakhala kutaya chitsulo chabe, pakuti cholakwa sichidali m'maso mwa wowombera koma m'mimba mwa mpope.

Apa ndi pamene tiyenera kuŵapatsa ulemu alenje a njovu a masiku amenewo, ngakhale malonda amene ankaŵatumikira adali oipa. Luso lawo lonse lidali m'mapazi ndi m'mphuno. Ankadziŵa kumene mphepo ikuchokera, ankakwaŵa m'tsekera, ankafika pafupi kwambiri ndi chinyama choti chitatembenuka chikadaŵapondereza asanathirenso wonga wachiŵiri. N'zosadabwitsa kuti ulenje wa njovu udali ndi mankhwala ake, miyambo yake ndi zoletsa zake zimene ngakhale mkazi wotsala kumudzi ankayenera kusunga. Ndipo pankhondo, mphamvu ya gogodera idali m'phokoso, mu utsi ndi m'kuchuluka kwake. Mudzi wa anthu a mikondo ndi mauta ukamva mfuti makumi angapo zikulira pamodzi mbandakucha, sunkafunsa ngati zipolopolo zikulasa kapena ayi.

Tiyeni tsopano tichoke pang'ono kunyanja kwathu, tione zimene zinkachitika kutali m'zaka zomwezo. Mu 1861, chaka chomwe Livingstone adaponda mchenga wa ku Linga, ku America kudabuka nkhondo yapachiŵeniŵeni imene gwero lake lidalinso ukapolo. Pa nkhondo imeneyo asilikali ena osankhidwa adali ndi mfuti za Whitworth zopangidwa ku Manchester, ndipo zina mwa izo zidamangiriridwa galasi loonera patali. Mfuti zimenezi zidali ndi mpope wopotana m'kati, wochititsa chipolopolo kuzungulira ngati nguli kotero kuti chinkayenda mowongoka, ndipo katswiri ankatha kugwetsa munthu ali pa mtunda wa mayadi mazanamazana. Nzeru ya galasilo idayambira kwa anthu oyang'ana nyenyezi. Cha mu 1640 Mngerezi wina, William Gascoigne, adapeza kuti kangaude waluka ulusi wake m'kati mwa galasi lake, ndipo ulusiwo unkaoneka bwino lomwe pamodzi ndi chinthu chakutali chimene ankayang'ana. Kuchokera pamenepo padabadwa kamtanda kaja kamene munthu amaona akasuzumira m'galasi la mfuti. Gascoigne mwini wake adafera pa nkhondo ya ku Marston Moor mu 1644.

Magalasi amenewo sadafike kuno pa nthaŵi ya a Jumbe. Chimene chidafika ndi mpope wopotana pamodzi ndi diso lachitsulo la mbali ziŵiri: kanjere kumlomo, ndi kamphanda kumbuyo kokhala ndi makwerero olembedwa manambala a mtunda. Gulu la nkhondo la Britain lidayamba kugwiritsa ntchito mfuti ya Snider mu 1866 ndi ya Martini-Henry mu 1871. Zonse ziŵiri zinkalongedwa chipolopolo chakumbuyo, msilikali atagona pansi, ndipo makwerero a Martini-Henry ankapitirira mayadi 1,000. Msilikali ankaphunzitsidwa kuyerekeza mtunda, kukweza kamphanda, kuika kanjere pakati pake, ndi kugwira mpweya.

Maiko a ku Ulaya ankadziŵa bwino lomwe kusiyana kwa mfuti ziŵirizi. Pa msonkhano wa ku Brussels mu 1890 adagwirizana zothetsa malonda a akapolo, ndipo m'pangano lomwelo adaletsa kugulitsa mfuti zolasa molunjika m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo dziko lathu lino. Zimene adaloleza kuti zizigulitsidwabe ndi mfuti za mwala za mpope wosalala ndi wonga wamba. Omvera athu, pangano limeneli lidali ndi nkhope ziŵiri. N'zoona kuti lidafooketsa ogwira akapolo. N'zoonanso kuti lidaonetsetsa kuti mfumu iliyonse yachikuda, yogulitsa anthu ndi yosagulitsa yomwe, ikhale ndi mfuti yakhungu pamene Boma latsopano lidali ndi mfuti yopenya.

Zotsatira zake zidaonekera pano pomwe. Mu 1889 Harry Johnston adapangana ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, kuti asiye malonda a akapolo namulonjeza ndalama chaka ndi chaka. Mmodzi mwa nduna za Jumbe, Chiwaura, adagalukira mbuye wake namanga linga lolimba chakumtunda, mamailo oŵerengeka kuchokera kunyanja. Mu 1893 Johnston adabwera ndi asilikali a Chisikhi ochokera ku India, pamodzi ndi anthu a Jumbe, nagwetsa lingalo, ndipo Chiwaura adaphedwa. Jumbe wachitatu adamwalira mu 1894. Wolowa m'malo mwake sadakhalitse, Boma lidamchotsa ndi kumpitikitsira ku Zanzibar. Kumapeto kwa 1895 gulu lina lidanyamuka ku Nkhotakota, Alfred Swann ali mmodzi wa atsogoleri ake, kukathira nkhondo Mwase Kasungu. Sindikunena kuti diso la mfuti lokha ndilo lidagonjetsa mafumuŵa. Padali mizinga, padali sitima zankhondo panyanja, padalinso udani wa mafumu okhaokha umene Azungu adaudyerera. Koma m'nkhondo zonsezi gulu lochepa linkatha kuima pamalo pamene gogodera safika, n'kumalasa.

Akuluakulu a asilikali amenewo ankamangirira m'chiuno kamfuti kakafupi kamene makolo athu adakatcha volovolo. Ka mtundu wa Webley kadavomerezedwa ndi gulu la nkhondo la Britain mu 1887. Kamfuti kameneka kadali koopedwa kwambiri m'midzi, komabe pa nkhani yolasa kadali pafupi ndi gogodera kusiyana ndi Martini-Henry. Chifukwa chake ndi samu yapafupi imene mwana wa Sitandade 8 angathe kuichita. Pa mfuti yaitali, kanjere ndi kamphanda zimatalikirana mwina masentimita 60. Wowombera akaphonyetsa kanjere ndi milimita imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 25 chipolopolo chidzapatuka ndi masentimita 4. Pa volovolo zinthu ziŵirizi zimatalikirana mwina masentimita 15 okha, ndipo milimita yomwe ija imasanduka masentimita pafupifupi 17. Onjezanipo kuti mfuti yaitali imatsamira paphewa ndi patsaya, pamene volovolo imalendeŵera kumapeto kwa mkono wonjenjemera.

Nanga bwanji osangomangirirapo galasi lija la kamtanda? Funso limeneli lidavutitsa amisiri zaka zambiri. Galasi la pa mfuti yaitali limapangidwa kuti diso likhale pafupi nalo, masentimita 8 kapena 10. Munthu atayandikiza volovolo kumaso chotero, pophulika ingathe kumng'amba chikope. Kudafunika galasi lina loti chithunzi chizionekabe chathunthu mkono utatambasuka, diso lili kutali ndi masentimita 30 mpaka 50. Magalasi otere adayamba kupezeka m'masitolo a ku America cha m'ma 1960, nthaŵi yomwe kudatulukanso timfuti tam'manja tosakira nyama monga Remington XP-100 ya mu 1963 ndi Thompson/Center Contender ya mu 1967. Odziŵa adazindikira msanga kuti posankha galasi, lokuza kwambiri silabwino ayi: likakuza nyama kasanu ndi kaŵiri, limakuzanso kunjenjemera kwa dzanja kasanu ndi kaŵiri, ndipo malo ooneka amachepa kotero kuti nyama ikasuntha pang'ono yasoŵa. Ambiri adakhazikika pa lokuza kaŵiri kokha.

Kulimangirira ndiye kudali ntchito ina. Kamfuti kopepuka kakalira kamadumpha mwaukali kuposa mfuti yolemera, ndipo galasi, pokhala ndi kulemera kwakekwake, limafuna kutsala pamene lidali. Motero mmisiri amaboola chitsulo cha pamwamba pa volovolo, n'kumangapo kamlatho, ndipo pa kamlathopo amaikapo mphete ziŵiri kapena zitatu zogwira galasi. Zomangira zikalimba mopitirira zimaphwanya galasi. Zikalekerera, galasi limatsetsereka pang'onopang'ono mwini wake osadziŵa. Akatha kumanga amapita kobwalo koyesera, kuwombera pepala pa mtunda wodziŵika ndi kupotokola timagudumu tiŵiri, kena kokweza ndi kutsitsa, kena kopititsa kumanja ndi kumanzere, kufikira kamtanda ndi chiboo cha chipolopolo zitakumana.

Njira ina idachokera ku Dublin, kumene Howard Grubb mu 1900 adapanga diso losakuza chinthu koma longoonetsa kachizindikiro koŵala pagalasi. Mu 1975 kampani ya Aimpoint ya ku Sweden idatulutsa loyendera batire, la kadontho kofiira. Ubwino wake ngwakuti wowombera salimbananso ndi zinthu zitatu, kamphanda, kanjere ndi nyama, zimene diso la munthu silingathe kuziona bwino zonse nthaŵi imodzi. Amangoyang'ana chimene akufuna, maso onse ali chipenyere, n'kuikapo kadontho. Patapita zaka tidachepetsedwa mpaka kukwana pamsana pa kamfuti kam'manja. Kwathu kuno zimenezi n'zosoŵa, ndipo ine sindidandaula nazo. Lamulo la mfuti la mu 1967 lidakhazikitsa kuti munthu asasunge mfuti popanda chilolezo, ndipo kamfuti kam'manja ambiri a ife timangokaonera m'chiuno mwa wapolisi.

Tibwerere ku Nkhotakota tisanatseke. Njovu zimene minyanga yake idalemeretsa a Jumbe zidapulumuka m'manja mwa gogodera wa nthaŵi imeneyo, ndipo m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, ya makilomita 1,800 m'bwalo lake, zidafikapo pa 1,500. Zidadzatha m'zaka zathu zomwe zino, ndi misampha ya waya, mfuti zamakono, ndiponso gogodera wosula m'midzi, kufikira zidatsala zosakwana 100. Mu 2015 Boma lidapangana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira nkhalangoyo, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kuti njovu ikwere galimoto iyenera kuyamba yagona tulo. Dokotala wa zinyama ankakhala pakhomo pa ndege ya helikopita, ndege ikugwedezeka, banja lonse la njovu likuthamanga pansi pake, ndipo ankalasa imodziimodzi ndi mfuti yoponya jakisoni, kufuna mnofu wa pathako, kuyambira ndi make wamkulu wotsogolera gululo. Akachedwa, zoyamba kulasidwa zinkagwera kutali ndi zinzake, pamalo pamene galimoto silingafike.

Agogo aja a ku Kaombe adaziona njovuzo zikudutsa pamsewu m'magalimoto akuluakulu. Mpope wawo uja adaubwezera kudenga, pamene umakhala pakati pa mikondo iŵiri ndi nkhafi yakale ya bwato.