Kuchokera pa nyanda kufika pa mapadi

Abale anga a kuno kumudzi ndi inu a m'tauni, lero ndikamba nkhani imene timangoinong'ona. Amene achite nayo manyazi andikhululukire.

Nyanda poyamba chinali chovala cha makolo athu, khungwa la mombo losulidwa mpaka kufewa. Nsalu zitabwera chovalacho chinatha, koma dzina linatsalira pa kansalu kamene mtsikana amapatsidwa akatha msinkhu. Anamkungwi ndiwo ankamulangiza kapindidwe kake, kumangirira kwake pa chingwe cha m'chiuno, ndi miyambo yake: asathire mchere m'ndiwo, asayanike nyanda poyera kuopa kuti wina angakaichitire mankhwala oti asadzabereke. Ndiye inkauma m'nyumba, mumdima. Zinkatheka ndithu, paja mtsikanayo ankakhala pakhomo, madzi ali pafupi, amayi ake ali pomwepo.

Zinthu zinatembenuka mu 1994, a Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale. Ana a sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi chokha. Ana a ife osauka ndiye anakhamukira. Ambiri anayamba ali akuluakulu kale, moti mtsikana ankatha msinkhu ali sitandade 4 kapena 5. Tangoganizani: wakhala pansi kuyambira m'mawa, aphunzitsi akuti imirira uyankhe, kumbuyo kuli anyamata. Chimbudzi chopanda chitseko, mjigo uli kutali. Tinatumiza mwana ku sukulu ya makono ndi kansalu kamene kanapangidwira moyo wa pakhomo. Ndiye mwezi ndi mwezi ankajomba masiku angapo, ife n'kumati ndi ulesi.

Mapadi a m'golosale analipo, koma a ndani? A ana a anthu a pantchito basi. Mu 2022 boma linachotsa msonkho pa mapadi, wailesi zinalengeza, anthu anawomba m'manja. Mwezi wa Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Katundu wodalira ndalama zakunja, eti angatsike bwanji? Zimene msonkho unasiya, kugwa kwa kwacha kunadya. Ndipo ife abambo tikagulitsa soya timawerengera feteleza, malata, mwina ndi kanjinga, koma izi ayi, timati ndi za amayi, chikhalirecho ndalama ili m'thumba mwathu.

Chimene chathandiza m'midzi yambiri ndi amayi a mother group osoka mapadi ochapa, omatirira ndi batani, otha miyezi yambiri. Kunena zoona ndi nyanda yomwe ija, yangosokedwa bwino. Koma imafuna sopo, ndipo azaumoyo amati iziyanikidwa padzuwa kuti majeremusi afe. Apa ndi pamene pali mkangano mpaka lero, chifukwa agogo akuti iume m'nyumba monga kale, mdzukulu akuti ku sukulu atiuza padzuwa. Atsikana ena amayanika pachingwe panja n'kuphimba ndi chitenje chopyapyala pamwamba.