Lilongwe: Mzinda Umene Unayamba Papepala

Inu a ku Madisi ndi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, popita ku likulu mumadzera pa Mponela, pa Lumbadzi ndi pa Kanengo. Malo awiri omalizawo sanakule okha ngati bowa wa pachulu ayi. Kukula kwake kunayamba kwajambulidwa papepala, ndipo ndalama zoyambira ntchitoyo zinali za ngongole.

Kuti nkhani imveke, tiyambire ku Zomba. Kuchokera m'chaka cha 1891 boma la Atsamunda linali kumeneko, ndipo asilikali a King's African Rifles, amene makolo athu ankawatcha a Keyala, anali ndi kampu yawo m'tauni momwemo, imene lero ndi Cobbe Barracks. M'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, zonse za asilikali ndi ndalama zake zinkalamulidwa ku Salisbury. Titalandira ufulu m'chaka cha 1964, tinapezeka ndi likulu lopanikizika m'tsinde mwa phiri, kutali ndi anthu a pakati ndi kumpoto.

Dr. Banda ankanena kuti ganizo losamutsa likulu linawadzera ali m'ndende ku Gwelo. Boma la Britain linakana kuthandiza, poona kuti dziko losauka lili ndi zina zofunika msanga. Amene anavomera ndi a ku South Africa: m'chaka cha 1968 anakongoza Malaŵi ndalama zokwana marandi 8 miliyoni, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation loyang'anira malo ndi zomangamanga. Maiko ambiri a mu Africa anaipidwa nazo, pakuti ndalamazo zinachokera ku boma la tsankho.

Ojambula mapulani nawonso anali a komweko, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani. Iwo anagawa mzinda m'zigawo za manambala, nasiya mitunda ya thengo pakati pake. Maofesi a boma anaikidwa pa Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, bwalo la ndege ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa m'chaka cha 1983. Asilikali anapatsidwa malo awo cha kum'mawa, kumene kuli Kamuzu Barracks. Akuluakulu a boma anawaika pafupi ndi ntchito, ku Area 10 ndi Area 43, pamene amesenjala ndi alonda, amene analibe ngakhale njinga, anawaponya kutali ku Area 25 ndi Area 23. Kwawo ojambulawo anazolowera kulekanitsa anthu poona khungu. Kuno anawalekanitsa poona thumba. Za midzi imene inasamutsidwa kuti mzinda upeze malo sitikamba kawirikawiri, koma eni ake anasiya minda ndi manda a makolo awo.

Likulu linasamuka pa 1 January 1975. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 19,000 mu Lilongwe. Wa 1977 anapeza pafupifupi 99,000. Wa 2018 anapeza oposa 989,000. Ambiri a iwo ndi abale athu omwe, ochokera ku Dowa, Ntchisi ndi Dedza, amene atasowa mapuloti anaumba njerwa namanga ku Mgona, Kauma, Mtandire ndi Chinsapo, malo amene papepala lija panalibe. Bungwe lija linathetsedwa m'chaka cha 1984, ndipo thengo lolekanitsa kampu ndi makomo a anthu linanka licheperachepera.

Kutalika kwa kampuyo kunayesedwa mu December 1993. Asilikali awiri ataphedwa ndi a Payoniya ku Mzuzu, anzawo a ku Kamuzu Barracks anatuluka pa ntchito imene inatchedwa Bwezani, nakathira nkhondo malo a Apayoniya m'kati mwenimweni mwa mzinda. Tsiku limenelo alembi ndi ogulitsa malonda anathawa kulira kwa mfuti m'misewu imene ojambula a 1968 anaikonzera maofesi ndi maluwa.