Kufafaniza Umwini wa Nyumba Imene Wacibale Wodalilika Anadzilembela

M'mabanja ambili mu Zambia, okalamba, odwala ndi amene akhala kunja kwa dziko amasankha wacibale mmodzi kuti aziyang'anila nyumba kapena munda, kulandila ndalama za lendi ndi kusaina makalata m'malo mwao. Ngati pambuyo pake katunduyo apezeka m'dzina la woyang'anilayo, khoti lili ndi mphamvu yofafaniza umwini umenewo.

Mfundo imeneyi inacokela ku makhoti a ku England, ndipo makhoti a mu Zambia amaitsatila. Ngati mwini anali kudalila wacibaleyo pa nkhani za cuma, ndipo mphatsoyo ndi yaikulu kopambana imene cibale cokha cingafotokoze, khoti limayamba ndi ganizo lakuti ananyengeleledwa. Pamenepo wolandilayo ndiye ayenela kuonetsa kuti mwini anapeleka mwa kufuna kwake, akudziwa zimene anali kucita. Umboni wolemela ndi wakuti anayamba wakambilana ndi loya wake payekha, wacibaleyo kulibe.

Cikalata ca umwini, cimene ambili amati taito, sicitseka mlandu. Gawo 33 la Lands and Deeds Registry Act limati taito ndi umboni wokwanila wa umwini, kupatulapo pamene pali cinyengo. Mu 2008, pa mlandu wa Anti-Corruption Commission ndi Barnnet Development Corporation, Supreme Court inagamula kuti taito ingafafanizidwe ngati inapezedwa mwa cinyengo kapena m'njila zosayenela. Pa cuma ca masiye, Intestate Succession Act ya mu 1989 imaletsa woyang'anila cumaco kugulitsa katundu popanda cilolezo ca khoti.

Cimene cimaluzitsa milandu yotele kawilikawili ndi kucedwa. Mu 1887, pa mlandu wa Allcard ndi Skinner ku England, sisitele amene anapeleka cuma cake kwa mkulu wa gulu lao analephela kucilandilanso, cifukwa anakhala cete zaka pafupifupi 6 atacoka m'gululo. Ndiponso nyumba ikagulidwa ndi munthu wina amene sanadziwe za cinyengoco, kuibweza kumavuta kwambili.

Cifukwa ca ici, wodandaula amayamba ndi kuika caveat, ndiko kuti ciletso, ku ofesi yolembetsa malo ya Unduna wa za Malo, kuti nyumbayo isagulitsidwe mlandu usanathe ku High Court. Amene alibe ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Board.