Salimo 43: Pemphero la Munthu Wozingidwa ndi Adani

Salimo 43 ndi pemphero lalifupi, la ndime zisanu zokha, la munthu amene akuponderezedwa ndi anthu achinyengo ndipo akupempha Mulungu kuti aweruze mlandu wake. M'Baibulo la Chilatini ndi m'mabuku akale a Misa limatchedwa Salimo 42, pakuti pa masalimo ambiri kawerengedwe ka Chigriki ndi Chilatini kamatsalira ndi nambala imodzi poyerekeza ndi ka Chihebri.

Akatswiri a Malembo Oyera amaphunzitsa kuti poyamba Salimo 42 ndi Salimo 43 anali nyimbo imodzi. Ndime imodzimodzi yolimbitsa mtima imabwerezedwa kawiri mu Salimo 42 ndipo imadzatsekera Salimo 43. Komanso m'Chihebri Salimo 43 lilibe mutu wakewake, pamene mutu wa Salimo 42 umatchula ana a Kora, banja la Alevi oimba m'Nyumba ya Mulungu. Woimbayo ali kutali ndi Yerusalemu, cha ku phiri la Heremoni kumene mtsinje wa Yordani umayambira, ndipo adani akumunyoza kuti Mulungu wake wamutaya.

Zimene likupempha

Tiyenera kuonetsetsa dongosolo la zopemphazo. Poyamba wopempherayo akutula mlandu wake kwa Mulungu monga kwa woweruza, ndi kupempha kuti amuyimirire ndi kumupulumutsa. Kenaka akudandaula mosabisa kuti akuona ngati watayidwa. Pomwe ife tikanayembekeza kuti atchule chilango cha adani akewo, iye akupempha kuwala ndi choonadi kuti zimutsogolere ku phiri loyera, akafike pa guwa ndi kutamanda Mulungu ndi zeze. Za adani sakunenanso kanthu. Chipambano chimene akuchifuna ndi kubwerera ku chipembedzo chimene anasiyanitsidwa nacho.

Augustino Woyera wa ku Hippo, amene anamwalira m'chaka cha 430, pofotokoza salimoli anaona kuti olungama ndi oipa amavutika mofanana pansi pano, koma chikumbumtima chawo ndi zokhumba zawo n'zosiyana. Choncho wopempha chiweruzo akupempha Mulungu kuti asiyanitse mlandu wake ndi wa osalungama. Pamenepa pali poopsa. Woitana woweruza wadziika yekha pa bwalo, ndipo Mulungu adzafufuza mbali zonse ziwiri. Munthu amene anasuntha malire a munda usiku, kenaka n'kudzapemphera salimoli potsutsana ndi mnansi wake, akudziitanira yekha mlandu.

Mu chipembedzo cha Mpingo

M'buku la Misa la Papa Pio V la 1570, wansembe ndi otumikira ankanena salimoli mosinthana m'munsi mwa guwa Misa ikamayamba. Mwambowu unachotsedwa m'chaka cha 1965, potsatira zokonza za Msonkhano Wachiwiri wa Vatican. Lero ndime zake zoyamba ndizo mawu olowera pa Lamulungu lachisanu la Lenti, pamene Mpingo ukuyang'ana Khristu amene ali pafupi kuweruzidwa mosalungama. Ndime zina, pamodzi ndi za Salimo 42, zimaimbidwa usiku wa Pasaka pambuyo pa kuwerenga Ezekiele 36. Ansembe ndi asisitere amalipemphera m'mawa Lachiwiri la sabata yachiwiri m'buku la Mapemphero a Maola.

Pali masalimo ena okalipa kwambiri, otemberera adani poyera. Atatu mwa iwo, 58, 83 ndi 109, sanaikidwe m'buku limeneli pamene linakonzedwanso m'chaka cha 1971. Akadali Mawu a Mulungu, koma Mpingo unaona kuti n'ngovuta kuwapemphera popanda kuwamasulira. Salimo 43 linakhalamo lonse lathunthu.

Kwa akatekisiti

Tikudziwa kuti m'miphakati mwathu mumabwera akhristu olandidwa katundu wa malemu, onamiziridwa ku ntchito, ngakhale agogo otchulidwa ufiti. Ena amafika atamva kale za mapemphero obwezera tsoka kwa amene akumuganizira kuti analitumiza. Ife tikuti mapemphero otere satsata njira ya salimoli, chifukwa wopempherayo amakhala atagamula kale mlandu, n'kungofuna kuti Mulungu akapereke chilangocho. Amatsutsananso ndi lamulo la Ambuye lopempherera otizunza (Mateyo 5:44) ndi chiphunzitso cha Paulo choletsa kubwezera (Aroma 12:19).

Komabe wolakwiridwa tisamutseke pakamwa pofulumira kumuuza kuti angokhululuka. Mkazi wamasiye wa pa Luka 18:1-8 anaumirira kufikira atapeza chilungamo, ndipo Ambuye anamupereka ngati chitsanzo cha kupemphera kosatopa. Kupemphera salimoli sikuletsa kupita kwa amfumu, kwa apolisi kapena ku khoti. Katekisiti angathe kuliwerenga pang'onopang'ono pamodzi ndi wovutikayo, osatchula dzina la mdani, kenaka n'kumuperekeza kwa a Chilungamo ndi Mtendere a pa parishi kuti mlanduwo ukaonedwe.